Funsani Adokotala: "Amayi agonekedwa katatu chaka chino, kodi achipatala satsata buku limodzi?"

Zikomo awerengi nonse. Kuno ku Dedza chisanu chafikapo, m'mawa phiri lonse lili mu nkhungu. Mwezi uno ndasankha makalata atatu amene akukamba za nthenda imodzi, ya mtima wofooka. Olembawo sadziwana. Wina ndi wodwazika, wina ndi wogwira ntchito kuchipatala, wina ndi bambo amene abale akumuloza chala. Ndiyamba ndi kalata imene yandikumbutsa zanga.

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimagulitsa kabichi ndi mbatatesi pa Lizulu. Amayi anga ali ndi zaka 64. Anawapeza ndi BP kalekale koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Chaka chatha anayamba kutupa mapazi, kenako miyendo, mpaka mimba. Usiku sagona chagada, amachezera atakhala tsonga, atatsamira khoma. Chaka chino chokha agonekedwa katatu. Tikafika amawabaya jakisoni, amakodza usiku wonse, pakatha masiku anayi aphwa, tatuluka. Miyezi iwiri, tabwereranso. Chondisokoneza ndi ichi: dokotala wina anawapatsa mapiritsi a mitundu inayi, mwezi wotsatira tinapeza wina amene analemba Lasix yekha, wachitatu anabwezeretsapo mtundu umodzi. Amayi amati Lasix ndiye amawathandiza, enawo amangowapatsa chizungulire. Kodi achipatala alibe lamulo limodzi? Timvere uti?

Mwana wodandaula, Lizulu, Ntcheu

YANKHO

Mayi, pepani ndi matendawo. Kudwazika kholo uli ndi geni yoti uyendetse komanso ana oti udyetse si ntchito yamasewera.

Lamulo lilipo. Unduna wa Zaumoyo uli ndi buku lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, ife timangoti MSTG, limene limauza wachipatala aliyense, kuyambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi mpaka ku Kamuzu Central, kuti matenda akutiakuti athane nawo motani. Matenda amene mwafotokozawa alimo. Koma kuti mumvetse chifukwa chake amayi akubwererabwerera kuwodi, ndiloleni ndiyambire pa mtima weniweniwo.

Mtima wa amayi sunaime, watopa. Taganizani ng'ombe ya pangolo itasenza matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano. BP ya zaka zambiri yosamwera mankhwala bwino ili ngati chitunda chimene ng'ombeyo yakhala ikukwera usana ndi usiku osapuma. Pamapeto pake mphamvu zimachepa, magazi sayenda mokwanira. Tsono apa thupi limalakwitsa. Impso zikaona kuti magazi akuzifika ochepa, zimayesa kuti m'thupi mwauma, ndiye zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Pangolo paja aonjezerapo matumba. Madziwo amatsikira kumapazi munthu akaimirira, ndipo akagona chagada amadzaza m'mapapo. N'chifukwa chake amayi amachezera tsonga. Kuonjezera apo thupi limatulutsa timadzi tina tofinya mitsempha ndi tothamangitsa mtima. Chimenecho ndi chikwapu pamsana pa ng'ombe yotopa kale.

Lasix, dzina lake lina furosemide, amatsitsa matumba pangolo. Amayi sakunama ayi: akamwa amakodza, miyendo imaphwa, mpweya umabwerera tsiku lomwelo. Ndi mankhwala ofunika kwambiri ndipo asawasiye. Koma chitunda chilipobe, chikwapu chilipobe. Amene amachotsa zimenezo ndi mapiritsi ena aja amene amayi akuwakayikira. Enalapril amamasula mitsempha kuti mtima usamakankhe molimba. Carvedilol kapena bisoprolol, amene timawatcha beta blocker, amalanda chikwapu chija kuti mtima uzigunda modekha. Spironolactone amaletsa timadzi tosunga mchere ndi toumitsa mnofu wa mtima. Vuto lake n'lakuti amenewa ntchito yawo siioneka lero kapena mawa. Imaoneka pakutha pa chaka, mukawerenga kuti amayi agonekedwa kangati.

Izi si zongoganizira. Mu 1987, kafukufuku wa ku Norway, Sweden ndi Finland anaonetsa kuti enalapril amachepetsa imfa mwa anthu odwala mtima wofooka kwambiri. Mu 1999 kafukufuku wina wamkulu anapeza kuti kuonjezera spironolactone kunachepetsa imfa ndi magawo 30 pa 100 alionse. Kuyambira 2019 kwabweranso mtundu wachinayi wa mankhwala oteteza mtima, dapagliflozin ndi empagliflozin, amene poyamba anali a shuga, ndipo mu 2021 akatswiri a mtima a ku Ulaya anawaika m'gulu la mankhwala oyambirira. Ngati dokotala amene analemba mitundu inayi uja analemba Lasix pamodzi ndi enalapril, spironolactone ndi wina wa carvedilol kapena bisoprolol, anali m'njira yoyenera.

Nanga wachiwiri uja anachotseranji? Pali zifukwa zomveka. Mwina BP inatsika kwambiri tsiku limenelo. Mwina magazi anaonetsa kuti impso zavutika kapena mchere wina wotchedwa potaziyamu wakwera. Mwina kufamase mankhwalawo anali atatha, iye n'kulemba okhawo amene analipo. Palinso zifukwa zosamveka, ndipo sindizibisa chifukwa ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Panja pali mzere wa anthu opitirira 100, wadya kaphala kokha m'mawa, wodwala wakupatsa buku, iwe wangoona tsamba lomaliza osatembenuza a m'mbuyo.

Ndili wachinyamata pantchito, pa chipatala china chimene sinditchula, kunkabwera bambo wina wachikulire, mlimi wa nyemba. Ndimakumbukira nsapato zake. Anazing'amba ndi mpeni pamwamba kuti mapazi otupa azilowa, n'kuzimanga ndi mphira. Mwezi uliwonse ankakhala pabenchi, kupumira kaye m'mwamba, kenako n'kundipatsa buku ndi manja awiri. Ine ndinkadina mwendo ndi chala, kuona dzenje latsala, n'kulemba zilembo ziwiri zija timalemba tikafuna kunena kuti apitirize omwewo: CT. Zaka pafupifupi ziwiri, Lasix yekhayekha. Buku la malamulo linali mu drowa ya tebulo lomwelo. Ndinkadziwa zimene linalemba, koma ndinkaopa kuti ndikaonjezera mankhwala BP igwa, ndipo popeza bamboyo sankadandaula, ndinkati zili bwino. Tsiku lina anabwera mwana wawo yekha kudzandiuza za maliro, ndi kudzandithokoza. Kuthokoza kumeneko kumandipwetekabe mpaka lero. Kuyambira pamenepo wodwala mtima sindimutulutsa m'chipinda ndisanadzifunse kuti kodi lero ndingaonjezere chiyani, ndipo ngati sindionjezera, chifukwa chake n'chiyani.

Tsono inu mayi mungathandize achipatala kuti atsate buku lawo, popanda kukangana ndi munthu. Buku la kuchipatala la amayi likhale limodzi. Ndaonapo mabanja ali ndi mabuku atatu, lina la ku boma, lina la ku mishoni, lina anagula tsiku limene anaiwala loyamba, ndiye dokotala aliyense amaona chidutswa cha nkhani. Likadzaza, sokererani latsopano ku lakale. Popita kuchipatala tengani timapepala tonse ta mankhwala mu jumbo, totha ndi tosatha tomwe, mukatikhuthule patebulo. Ndipo mukaona kuti mtundu wina sunalembedwe, funsani mwaulemu: "Adokotala, mwezi watha amamwanso awa. Kodi mwawasiyitsa, kapena atha kufamase?" Funso limenelo lokha lapulumutsa anthu. Akati atha, apempheni alembe papepala dzina ndi mlingo wake kuti ngati mungakwanitse mukagule. Akati awasiyitsa, apempheni alembe chifukwa chake m'buku kuti wotsatira adzachione. Wachipatala wabwino sakwiya ndi funso lotere. Safunsa anadya phula.

Funsaninso ngati amayi anaunikidwapo mtima ndi makina aja timati echo. Zonse ndanenazi zimagwira bwino pa mtima umene mnofu wake wafooka popopa. Pali mitima ina imene vuto lake ndi kuuma, ina ndi tizitseko ta m'kati timene tawonongeka, ndipo kasamalidwe kake kamasiyanako. Munthu amene wagonekedwa katatu chaka chimodzi akuyenera kuunikidwa, ngakhale zitafunika kalata yopita ku Lilongwe.

Za chizungulire musazinyalanyaze, komanso amayi asasiye mankhwala paokha. Azidzuka pang'onopang'ono, ayambe akhala kaye pamphasa asanaimirire. Kauzeni achipatala. Nthawi zambiri munthu akaphwa, amene amafunika kuchepetsedwa ndi Lasix, osati oteteza mtima aja. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, pitani msanga, chifukwa masiku otero mankhwalawa akhoza kupweteka impso.

Pamsika wanu sipalephera kupezeka mnyamata wa sikelo yoyezera anthu. Amayi akangotuluka m'chipatala ataphwa, ayezeni, mulembe nambalayo pachikuto cha buku. Muziwayeza pafupipafupi pa sikelo yomweyo. Akakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, si kunenepa. Pitani tsiku lomwelo asanafike pobanika. Ndiwo za amayi muziwapatulira musanathire mchere wambiri, ndipo kumbukirani kuti soda wa m'therere, timibulu tokometsera ndiwo ndi nsomba zouma zothira mchere zonse zimasungitsa madzi m'thupi. Msana kapena mawondo akawawa, asagule Brufen, Indocid kapena diclofenac pagolosale. Amenewo amabweza madzi onse amene Lasix anatulutsa. Panado ndiye woyenera.

FUNSO

Akuluakulu, ndine medical assistant pa chipatala china chaching'ono kuno ku Dedza. Ndili ndekha ndi anamwino awiri. Odwala mtima ndili nawo angapo. Buku la MSTG ndili nalo ndipo ndimawerenga, koma kunena zoona ambiri ali pa furosemide yekha. Makina oyezera impso tilibe, enalapril amabwera mwezi uno mwezi wamawa kulibe, ndipo beta blocker ndimamuopa chifukwa kusukulu anatiuza kuti akhoza kupha munthu wa mtima wofooka. Ku boma akawayambitsa mankhwala amawabweza kwa ine popanda kalata yomveka. Ndichite bwanji kuti ndisamangopereka okodzetsa?

Medical assistant, Dedza

YANKHO

Achimwene, kalata yanu yandisangalatsa kuposa onse a mwezi uno, chifukwa mwanena poyera chimene ambiri timachibisa. Mantha anu ndimawadziwa, ndafotokoza pamwambapa kumene anandifikitsa.

Musanayambe za mankhwala, tsimikizani kuti ndi mtimadi, ndipo chautopetsa n'chiyani. Mu 2012 kunatuluka kafukufuku wa odwala mtima opitirira 1,000 m'mayiko asanu ndi anayi a mu Africa, motsogozedwa ndi Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Maputo, kwa anansi athu a tsidya la malire a Dedza ndi Ntcheu. Anapeza kuti odwala athu ndi achichepere, zaka zawo zimazungulira pa 52, ndipo pafupifupi theka chinayambitsa ndi BP. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse, mmodzi ali ndi BP yokwera. Choncho wodwala wanu wa masiku onse ndi wa BP. Koma musaiwale ena aja. Yezani kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa magazi kumatupitsa ndi kubanikitsa. Yezani mkodzo. Munthu wa HIV kapena wotsokomola nthawi yaitali, wochepa thupi, ganizirani TB ya kathumba kokuta mtima. Funsani za kachasu. Wachinyamata amene mtima wake ukumveka phokoso lachilendo, ganizirani tizitseko towonongeka ndi zilonda za pakhosi za paubwana. Ameneyo akufunika echo ndi jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi. Ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka muyezeni mimba musanamupatse enalapril, chifukwa amawononga mwana m'mimba.

Za beta blocker aphunzitsi anu sananame, koma ananena theka. Woopsa ndi kumupatsa munthu akadali wodzaza madzi, akubanika, manja ali zii kuzizira. Muumitseni kaye ndi furosemide. Akaphwa, akugona bwino usiku, BP ndi kugunda kwa mtima zili pabwino, ndi pamene mumayamba ndi kamlingo kochepetsetsa: carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku, kapena bisoprolol 1.25 mg kamodzi. Mumakweza pakatha masabata awiri kapena kuposerapo, mukuona mmene akuyendera, kulinga ku carvedilol 25 mg kawiri kapena bisoprolol 10 mg. Mtima ukatsika kugunda kosafika 50 pa mphindi, bwererani m'mbuyo. Atenolol amene amapezeka kawirikawiri m'mafamase athu salowa m'malo mwa awiriwa. Enalapril mumayamba 2.5 mg kawiri patsiku, kulinga ku 10 mpaka 20 mg kawiri. Akayambitsa kachifuwa kouma kosatha, losartan amalowa m'malo. Milomo kapena lilime zikatupa, siyitsani pomwepo ndipo musadzamupatsenso. Spironolactone ndi 25 mg patsiku, ndipo abambo muwachenjeze kuti mabere akhoza kumawawa kapena kukula.

Apa ndi pamene nkhani ya makina imaluma. Enalapril ndi spironolactone onse amakweza potaziyamu, ndipo lamulo limati muyeze impso ndi potaziyamu musanayambe komanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mutayamba kapena kukweza mlingo. Musalilumphe lamulo limeneli, makamaka kwa agogo ndi kwa odwala shuga. Magazi oyezera potaziyamu akachedwa panjira amanama, amaonetsa ngati wakwera. Choncho kwa ameneyu n'kwabwino kuti wodwalayo apite yekha ku boma pa tsiku limene mwagwirizana ndi a ku labu, kusiyana n'kutumiza kabotolo kokagona panjira. Amene impso zake sizikulola enalapril, funsani a ku boma za hydralazine pamodzi ndi isosorbide dinitrate. Mu 2004 awiriwa anaonetsa kuti amachepetsa imfa mwa anthu akuda a ku America odwala mtima wofooka. BP ikakhalabe yokwera, amlodipine amaloledwa, nifedipine ayi.

Koma zonsezi munaziwerenga kale. Chimene chimasowa si nzeru, ndi chokukumbutsa pa nthawi imene wodwala wakhala patsogolo pako, panja mwana akulira. Ndikuuzeni zimene ine ndinachita. Ndinang'amba katoni ya mankhwala, ndinalembapo ndi chekeni chachikulu mayina a mankhwalawa, mlingo woyambira ndi mlingo wofikira, n'kukhomera pakhoma kuseri kwa benchi la wodwala, pamene maso anga amagwera ndikadzutsa mutu. Kenako m'buku la wodwala mtima aliyense ndinasankha tsamba limodzi la kumapeto, ndinajambula mizere: tsiku, kulemera, BP, kugunda kwa mtima, mlingo wa mankhwala alionse, ndi mzere womaliza wakuti "chotsatira". Mzere womalizawo ndiye mwini nkhani. Mukalemba kuti "ulendo wamawa kwezani enalapril akhale 5 mg ngati BP ilola", ngakhale mutapita ku maliro tsiku limenelo, namwino kapena wobwera m'malo mwanu apeza njira yolambula kale. Ndipo mankhwala akatha, lembani dzina lake ndi O/S pambali, kutanthauza kuti atha kufamase, osangolisiya. Mwaona m'kalata ya mayi wa ku Lizulu chimene chimachitika dzina likangosowa patsamba: wotsatira amayesa munasiyitsa dala.

Odwala mtima apatseni tsiku lawolawo, ngakhale masana a Lachinayi kawiri pamwezi, asamasakanikirane ndi mzere wa malungo. Namwino mmodzi aziwayeza sikelo ndi BP asanalowe kwa inu. Pezani nambala ya foni ya amene amayendetsa kiliniki ya matenda a mgonagona ku boma, muzimuimbira musanakweze mlingo pamene mukukayika, ndipo mumupemphe kuti pobweza wodwala azilemba mizere iwiri yokha: echo yaonetsa chiyani, ndipo chotsatira n'chiyani. Kamodzi pamwezi khalani pansi ndi anamwino anu, mutenge mayina a odwala mtima, muwerenge kuti ndi angati akadali pa furosemide yekha, ndipo aliyense chifukwa chake n'chiyani. Nambala imeneyo mupite nayo ku msonkhano wa ku boma. Kunena kuti "mankhwala amasowa" aliyense amanena. Kunena kuti "ndili ndi anthu akutiakuti amene enalapril wawadukira miyezi iwiri" kumamveka mosiyana kwa wa famase.

Chinthu china chimene ndinachedwa kuchiphunzira ndi kusazengereza. Mu 2022 kunatuluka kafukufuku wotchedwa STRONG-HF, wa odwala opitirira 1,000 m'mayiko 14, kuphatikizapo Mozambique, Nigeria ndi South Africa. Gulu lina analikwezera mankhwala mofulumira m'masabata oyambirira atatuluka m'chipatala, akuwaona pafupipafupi ndi kuwayeza magazi. Gulu lina analisamala mwa masiku onse. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, omwalira kapena kugonekedwanso anali pafupifupi 15 pa 100 m'gulu loyamba, ndi 23 pa 100 m'gulu lachiwiri. Ife sitingakwanitse kuyeza zonse zimene iwo ankayeza, koma phunziro lake tingalitenge: wotuluka m'wodi musamupatse tsiku la miyezi itatu. Abwere pasanathe masabata awiri.

Musadzione wochepa chifukwa si inu dokotala wamkulu. Ku Neno, a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi Unduna anaphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino kusamalira matenda aakulu a mtima pa chipatala cha boma, mpaka kuunika ndi echo, pa ndondomeko yotchedwa PEN-Plus. Mu 2022 mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti njira imeneyi ifalikire. Mwayi wa maphunziro otero ukamveka, dzina lanu likhale loyamba papepala.

FUNSO

Adokotala, mkazi wanga wa zaka 24 anachira miyezi iwiri yapitayo, mwana wathu wachiwiri. Mimba yonse anali bwinobwino. Pano watupa mapazi ndi nkhope, akutsokomola usiku, akangoyenda kupita kudimba amapumira m'mwamba. Apongozi ndi azakhali ake akuti ndi tsempho, akuti ine ndinayenda njira zosayenera mwana asanatengedwe, ndiye ndamudula. Ine sindinachite kanthu. Akufuna amwe kaye mankhwala achikuda, za chipatala pambuyo. Ndithandizeni.

Bambo wosweka mtima, Bembeke

YANKHO

Bambo, magazini ino ikakupezani mayiwo akadali pakhomo, siyani kuwerenga pa ndime ino, mukonze ulendo lero lomwe.

Pali nthenda imene imafooketsa mtima wa mayi kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyamba atachira, ngakhale mayi amene sanadwalepo mtima chibadwire. Achipatala amaitcha peripartum cardiomyopathy, ndipo imapezeka kwambiri mwa amayi a kuno ku Africa. Zizindikiro zake ndi zomwe mwalembazi. Kukhozanso kukhala kuchepa magazi, BP yotsalira ya pamimba, kapena tizitseko ta mtima timene tinawonongeka ali mwana ndipo mimba yangoulula. Zonsezi zimapezeka poyeza, ndipo zonse zili ndi thandizo. Amayi ambiri a nthenda yoyambayo mtima wawo umabwerera mwakale akayamba mankhwala msanga ndi kuwamwa mosadukiza. Amene amachedwa ndi amene timawataya.

Ine ndinakulira m'mudzi, za mdulo ndi tsempho ndinazimva kwa agogo anga, ndipo sindinyoza makolo. Ndikudziwanso kulemera kwa mkamwini kutsutsana ndi apongozi pamudzi pawo. Musakangane nawo za amene walakwa. Pitani kwa ankhoswe kapena kwa atsibweni a mkazi wanu, muwauze kuti nkhani ya mwambo mudzakhala pansi n'kuikamba, simukuithawa, koma mwana wawo akayambe waonedwa kuchipatala, ndipo apongozi apite nawo akamve okha. Nkhani imadikira, madzi a m'mapapo sadikira. Mankhwala achikuda asamwe, chifukwa ena amapweteka impso zimene panopa zikufunika kuti zitulutse madziwo.

Akakamupatsa enalapril, akhoza kupitiriza kuyamwitsa. Koma asatenge mimba ina ali pa mankhwalawa, ndiponso mtima usanaunikidwenso, chifukwa mimba yotsatira pa mtima umene sunachire ndi yoopsa kwambiri. Za kulera mukakambe nonse awiri ndi anamwino musanatuluke.

Panjira akhale tsonga, musamugoneke. Mufunditseni bwino, kwanuko kumazizira. Tengani buku lake la sikelo ya amayi oyembekezera, ndipo wina anyamule mwanayo, asabereke yekha. Mukafika musakhale pamzere. Pitani kwa namwino mukanene mawu awa: "Anachira miyezi iwiri yapitayo, watupa, akubanika."